Mliri ndi Masitolo a ku England: Mbiri ya Tauni ya Stockton

Madzulo a pa 23 Marichi, 2020, Nduna Yaikulu ya dziko la Britain, Boris Johnson, inalankhula kwa anthu onse a dzikolo pa wailesi ya kanema. Mau ake anali akuti munthu ali yense akhale m'nyumba mwake, asatulukemo koma pokagula cakudya, pokafuna mankhwala, poongola miyendo kamodzi pa tsiku, kapena popita ku nchito yosatheka kuigwirira kunyumba. Masitolo onse osagulitsa cakudya, mankhwala ndi zina zofunika pa moyo anauzidwa kutseka. Nyumba zodyeramo ndi zomweramo mowa zinali zitatsekedwa kale masiku atatu m'mbuyo mwake. Cocititsa zonsezi cinali nthenda ija ya Covid-19, imene ife tonse tiikumbukira bwino.

Kutaca, miseu ya malonda imene masiku onse inali piringu-piringu ndi anthu inangoti zii, mwatsala nkhunda zokha. M'nkhani ino tifuna kulondola zimene Boma linacita kuti liutsenso malo a malonda a pakati pa matauni. Awerengi adzaona kuti mliri sunagwetse munthu wamphamvu. Unapeza wodwala ali kale pamphasa. Ndalama zambiri zimene Boma linatulutsa zinamsungira mpweya wodwalayo, ndipo zinayenera kutero, koma nthenda yake yeni-yeni inali yakale, yofuna mankhwala ena.

Mseu umene Angerezi aucha High Street

Pafupi-fupi tauni iri yonse ya ku England iri ndi mseu umodzi umene uli ngati msana wa tauniyo. Angerezi aucha High Street, ndiko kunena mseu waukulu. M'mbali mwake mwandandalika masitolo, mabanki, positi ofesi ndi nyumba zodyeramo, ndipo kawiri-kawiri bwalo la msika liri pomwepo. Munthu wa kwathu akafuna kuumvetsa aganize za pa boma pa kwao, pamene pali msika, masitolo a makonde, telala ali pa makina ake, ndi pokwerera basi. Munthu apitako ati akagule mcere ndi sopo, koma abwerako atamva za maliro, za ukwati ndi za mtengo wa cimanga. Malo otere akafa, si malonda okha amene afa.

Kuti nkhani yathu isabalalike, tiyeni titsate tauni imodzi, dzina lake Stockton-on-Tees. Iri kumpoto ca kum'mawa kwa England, m'mphepete mwa mtsinje wa Tees. Msika wake ngwakale ndithu, pakuti cilolezo coucita cinaperekedwa m'caka ca 1310 ndi Bishopu wa ku Durham, Antony Bek, ndipo kufikira lero amalonda ayala katundu wao mu High Street Lacitatu ndi Loweruka. Eni ake anyadira kuti mseu waowo ndiwo wotakata koposa miseu yonse yotere m'dzikomo.

Tauni imeneyi inapatsa dziko lonse lapansi zinthu ziwiri. Pa 27 Seputembala, 1825, sitima ya pamtunda yoyenda ndi nthunzi, imene George Stephenson anaipanga naiyendetsa yekha, inafika ku Stockton itakoka ngolo za malasha ndi za anthu, pa njanji yodzera ku Darlington. Imeneyo inali njanji yoyamba ya anthu onse yoyendapo sitima za mtundu umenewo. Cinthu caciwiri ciri m'nyumba ya ali yense wa ife. John Walker, wogulitsa mankhwala amene sitolo yake inali mu High Street momwemo, ndiye anapanga macesi oyaka pokhwecha, nayamba kuwagulitsa m'caka ca 1827. Mayi akamayatsa moto m'mawa ndi kamtengo kamodzi ka macesi, agwira nzeru yocokera mu mseu umene tirikuukambawu.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 akulu a tauniyo anagwetsa nyumba zakale za mbali ya kumtsinje, namangapo cinyumba cacitali ca masitolo ambiri pansi pa denga limodzi, cochedwa Castlegate, pamodzi ndi hotela ya Swallow ndi nyumba yosanjikiza yoimikamo magalimoto. Mapulani ake anacokera kwa John Poulson, munthu amene m'caka ca 1974 anaponyedwa m'ndende cifukwa ca ziphuphu zimene anali kupereka kwa akulu a maboma kuti azimpatsa nchito. Masiku amenewo Castlegate anali cizindikiro ca kutukuka. Koma cinyumbaco cinafulatira mtsinje ndi kuuchinga, kotero kuti ana anabadwa nakula m'tauni ya pa doko osaona madzi ali mu mseu wao waukulu. Dzina limeneli la Castlegate mulisunge, pakuti tidzabwererako.

Nthenda yakale

Mdani woyamba wa High Street anali galimoto. Mabanja ambiri atakhala ndi galimoto yao-yao, amalonda akulu anayamba kumanga masitolo kunja kwa matauni, kumene malo ngotsika mtengo ndipo munthu aimika galimoto yake osalipira. Ku Stockton malo otere, ochedwa Teesside Park, anatsegulidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, pa bwalo limene kale anali kuthamangitsirapo akavalo. Munthu wa ndalama m'thumba anayamba kulambalala tauni. Otsalira mu High Street anali okalamba, osauka ndi oyenda pa basi.

Mdani waciwiri anali intaneti. Munthu asankha malaya pa foni yake ali gone pa kama, alipira pomwepo, ndipo mawa lake katundu afika pakhomo. Mliri usanafike, pa mapaundi asanu ali onse amene anthu a ku Britain anali kugulira katundu, pafupi paundi imodzi inali kupita kale ku malonda a pa intaneti.

Mdani wacitatu ngwobvuta kumuona, koma eni masitolo amdandaula koposa onse. Ndiye msonkho wa nyumba za malonda, umene mizu yake ifika ku lamulo la m'caka ca 1601, masiku a Mfumukazi Elizabeth Woyamba. Msonkho umenewu sauwerengera pa phindu limene munthu wapeza, iai. Auwerengera pa mtengo wa lendi ya nyumba imene alimo. Tsono wogulitsa nsapato wa pakati pa tauni, pamene lendi njokwera, alipira msonkho waukulu, kaya wagulitsa kaya sanagulitse. Mnzake wogulitsa nsapato zomwezo pa intaneti, amene nkhokwe yake iri kuchire m'mbali mwa mseu wa magalimoto, alipira wocepa poyerekeza ndi malonda ake. Anthu awiri athamanga liwiro limodzi, koma wina wasenza mtolo wa nkhuni.

Zotsatira zake zinaoneka poyera. Kampani ya Woolworths, imene inali ndi masitolo oposa 800, inagwa kumapeto kwa 2008, ndipo pofika Januwale 2009 onse anali otseka. Boma linapempha mayi wina wodziwa za malonda, Mary Portas, kuti afufuze. Iye anapereka lipoti lake mu Disembala 2011. Caka cotsatira matauni 12 anasankhidwa kuti ayese nzeru zake, iri yonse nilandira ndalama zosaposa £100,000, ndipo Stockton anali m'gulu limenelo. Ndalama zotere zikhoza kupaka utoto ndi kucititsa masewero pa msika, koma sizingabweze munthu amene wazolowera njira ina. M'caka ca 2018 sitolo ya Marks & Spencer inacoka mu High Street ya Stockton, ndipo mu Januwale 2020 inatsekedwanso ya Debenhams. Taonani bwino mwezi umenewo: kunali kutatsala miyezi iwiri kuti lamulo lotseka masitolo lilengezedwe.

Wotseka msika adyetse wamalonda

Boma likauza munthu kuti atseke sitolo yake cifukwa ca moyo wa anthu onse, lalowa naye m'ngongole. Boma la Britain linabvomera ngongole imeneyi, ndipo linaibweza mofulumira kuposa mmene maboma acitira masiku onse. Pa 20 Marichi, 2020, Nduna ya za Cuma, Rishi Sunak, inalengeza kuti wanchito ali yense amene bwana wake wamuuza kukhala kunyumba, Boma lidzamlipira mapaundi 80 pa 100 ali onse a malipiro ake, kulekeza £2,500 pa mwezi, malinga bwanayo asamcotse nchito. Cithandizo cimeneci cinatha pa 30 Seputembala, 2021, citafikira malo a nchito 11.7 miliyoni, ndi kudya ndalama pafupi £70 biliyoni. Ciwerengero cotere cipitirira nzeru za mwana wa sukulu, ngakhale za mphunzitsi wake.

Msonkho uja wa nyumba za malonda unakhululukidwa wonse kwa masitolo, mahotela ndi nyumba zodyeramo za ku England kuyambira Epulo 2020 kufikira Juni 2021. Amalonda ang'ono analandira mphatso ya £10,000, ena £25,000, yosabweza. Eni nyumba analetsedwa kupitikitsa wamalonda wolephera lendi, ndipo ciletso cimeneco cinakhalapo kufikira Marichi 2022. Kunalinso ngongole za ku banki zofika £50,000, zimene Boma linalonjeza kubweza lokha ngati wokongolayo alephera. Apa mpamene panalowa mbala. Popeza mabanki anauzidwa kufulumira osafunsa zambiri, anthu acinyengo anatenga ndalama m'maina a malonda amene kunalibe, ndipo mu Januwale 2022 nduna ina, Lord Agnew, inatula pansi udindo wake ponena kuti Boma silinasamale kulondola akubawo.

Mlandu womwewu wa ngongole unamvekanso kwathu. Mu Epulo 2020 Boma la Malawi litalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21, amalonda a m'misika ya m'matauni anaguba kukana, ndipo Bwalo Lalikulu la milandu linaimitsa lamulolo lisanayambe. Dandaulo lao linali lakuti munthu wodya za tsiku lomwelo sangatsekeredwe m'nyumba popanda comdyetsa. Kusiyana kwake nkwakuti Britain anali ndi kokakongola ndalama zocuruka cotero, pamene Malawi analibe.

Masitolo a ku England anatsegulidwanso pa 15 Juni, 2020, ndi nyumba zodyeramo pa 4 Julayi, koma anthu anali ndi mantha, osafuna kutuluka. Pamenepo Sunak anadza ndi nzeru imene anthu akali kuikangana. M'mwezi wa Ogasiti, tsiku liri lonse Lolemba, Laciwiri ndi Lacitatu, munthu akadya m'nyumba yodyeramo, Boma linali kumlipirira theka la mtengo wa cakudyaco, kulekeza £10 pa munthu mmodzi; mowa wokha sunali kuwerengedwa. Dzina la cikonzeroco linali Eat Out to Help Out, ndiko kunena kuti kadyeni kunja kuti muthandize. Anthu anakhamukirako. Mbale zoposa 160 miliyoni zinadyedwa motero, ndipo Boma linalipira pafupi £850 miliyoni.

Walira mvula walira matope. Kusonkhanitsa anthu m'zipinda nthenda ya m'mpweya ikali pakati pao kunali ndi mtengo wake. Mphunzitsi wina wa za cuma pa sukulu yaukacenjede ya Warwick, Thiemo Fetzer, anawerengera kuti pa magulu 100 ali onse a odwala atsopano a nyengo imeneyo, magulu 8 kufikira 17 anacokera ku kudya kumeneku. Pa bwalo lofufuza za mliri m'caka ca 2023, alangizi akulu a Boma pa za sayansi ndi za umoyo, Patrick Vallance ndi Chris Whitty, ananena kuti iwo sanafunsidwe cikonzeroco cisanayambe. Sunak anaumirira kuti cinapulumutsa nchito za anthu ambiri osauka, makamaka acinyamata ndi akazi ogwira m'nyumba zodyeramo. Mau akewo sali opanda pake. Koma ine ndiona kuti mwezi umodzi wa madyerero sukanaciritsa mseu umene unadwala zaka makumi atatu. Ndipo pa 5 Novembala caka comweco masitolo anatsekedwanso kwa mwezi wathunthu, natsekedwa kacitatu kuyambira Januwale kufikira pa 12 Epulo, 2021.

M'miyezi imeneyo mitengo ikulu-ikulu inagwa. Kampani ya Arcadia, mwini wa masitolo a zobvala a Topshop ndi ena, inalephera pa 30 Novembala, 2020. Debenhams, amene ciyambi cake cinali ku London m'caka ca 1778, anatseka masitolo ake otsiriza mu Meyi 2021, ndipo anthu pafupi 12,000 anataya nchito. Cophunzitsa kwambiri ndi ici: kampani ya pa intaneti yochedwa Boohoo inagula dzina la Debenhams ndi £55 miliyoni, koma sinafune sitolo ngakhale imodzi. Inatola dzina, nisiya nyumba. Kuciyambi kwa 2021 malonda a pa intaneti anapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a malonda onse. Masitolo atatsegulidwa anatsikako, koma sanabwerere pamene anali kale. Nkhalamba zimene zinaphunzira kugula pa foni m'masiku a mliri sizinaiwale.

Ndalama zomangira

Kusunga mpweya ndi kwina, kuciritsa ndi kwina. Boma linali litakhazikitsa kale m'caka ca 2018 thumba la ndalama lochedwa Future High Streets Fund, lakuti makhonsolo akonzere pakati pa matauni ao. Mliri unafulumizitsa nchitoyo, ndipo pa 26 Disembala, 2020, kunalengezedwa kuti malo 72 a ku England adzagawana ndalama zofika £830 miliyoni. Sunderland ndi Swindon analandira £25 miliyoni ali yense. Stockton analandira £16.5 miliyoni. Panalinso timatumba tina tating'ono, monga £56 miliyoni za mu Marichi 2021, zogulira maluwa, mipando ya panja ndi zina zokopa anthu kuti abwerere.

Kagawidwe kake kanali ndi cirema. Ndalama sizinali kupita kwa wosowa koposa, koma kwa wopambana pa mpikisano wa kulemba makalata opempha. Khonsolo yosauka, imene inacotsa kale akalaliki ake cifukwa ca kucepa kwa ndalama, inayenera kulipira akatswiri akunja kuti ailembere pempho, ndipo ikalephera, ndalama zimenezo zapita. Mphunzitsi ali yense adziwa kuti ukagawa mabuku mwa mpikisano, alandira ndi ana omwe aja odziwa kale kuwerenga. Pa thumba lina lochedwa Towns Fund, kabungwe ka Nyumba ya Malamulo koyang'anira ndalama za Boma kanadandaula mu Novembala 2020 kuti nduna sizinafotokoze bwino cifukwa cimene zinasankhira matauni ena ndi kusiya ena, ndipo anthu anakayika kuti mwina zinali kuyang'ana kumene kuli mavoti.

Ndipo ngakhale opambanawo anapeza kuti ndalama yasungunuka m'manja. Mu Okutobala 2022 mitengo ya zinthu ku Britain inali itakwera ndi 11.1 pa 100 m'caka cimodzi, ndipo simenti, zitsulo ndi amisiri zinakwera pamodzi. Zimene anaziwerengera mu 2020 sizinathekenso pa mtengo womwewo. M'caka ca 2024 kabungwe komwe kaja kanapeza kuti pa ndalama zoposa £10 biliyoni zolonjezedwa m'matumba atatu akulu otukulira matauni, zimene makhonsolo anali atagwiritsa nchito pofika Seputembala 2023 zinangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi.

Cinthu cimodzi cimene Boma linacita popanda kutaya ndalama cinali kumasula malamulo. Kale munthu akafuna kusandutsa sitolo kuti ikhale cinthu cina anayenera kupempha cilolezo ndi kudikira miyezi. Kuyambira pa 1 Seputembala, 2020, nyumba imodzi ikhoza kukhala sitolo lero, mawa nikhala ofesi, nyumba yodyeramo, kacipatala kapena sukulu ya mkaka, osapempha. Kuyambira Ogasiti 2021 kunakhalanso kwapafupi kuisandutsa nyumba yogonamo anthu. Ndipo pa 2 Disembala, 2024, makhonsolo a ku England anapatsidwa mphamvu yacilendo m'dziko lolemekeza cuma ca mwini: sitolo ikakhala yopanda munthu kuposa caka cathunthu m'zaka ziwiri, khonsolo ikhoza kuibwereketsa yokha kwa wopereka lendi yabwino, kwa zaka zosaposa zisanu, ngakhale mwini nyumbayo asafune. Malamulo onsewa abvomereza cinthu cimodzi cimene andale sakonda kucinena pa msonkhano, ndico cakuti masitolo acuruka kuposa ogula.

Stockton agwetsa Castlegate

Akulu a khonsolo ya Stockton anacinena poyera. Matauni ambiri atalandira ndalama anayesa kudzazanso masitolo opanda anthu. Iwo anaganiza zowacepetsa. M'caka ca 2019, mliri usanamveke nkomwe, khonsolo inagula Castlegate pamodzi ndi malo ena a masitolo ochedwa Wellington Square, a kumpoto kwa mseu womwewo. Popeza tsopano inali mwini wa zonse ziwiri, inatha kucita cimene mwini sitolo mmodzi sangathe: inasamutsira amalonda ambiri a mu Castlegate ku Wellington Square ndi ku nyumba zina zapafupi zimene zinali zopanda anthu. Nkhuni zikabalalika moto uzima, koma mukazisonkhezera pamodzi uyaka, ngakhale ziri zocepa. Masitolo makumi awiri oyandikana, onse otsegula, akoka anthu kuposa masitolo makumi anai amene theka lake liri ndi mapepala pa mazenera.

Itatero, inagwetsa. Nchito yogumula Castlegate, nyumba ya magalimoto ija ndi hotela ya Swallow, imene inakhala yotseka kuyambira 2009, inayamba m'caka ca 2022 nitha mu 2023. Pamalopo khonsolo inakonza zoika munda wa udzu ndi mitengo, wokhala ndi bwalo la masewero ndi poseweretsa ana, waukulu ngati mabwalo atatu a Trafalgar Square wa ku London. Mseu wa magalimoto wodutsa m'mbali mwa mtsinje anati aucepetse ndi kuufundika ndi mlatho wotakata, kuti munthu acoke pa msika ndi kutsikira ku madzi a Tees pansi, osadukiza magalimoto. Ndalama zake zinacokera kutatu: £16.5 miliyoni zija za Boma, £20 miliyoni za ulamuliro wa cigawo ca Tees Valley, ndi zina za khonsolo yomwe. Pa mbali ina ya malowo anamangapo nyumba yoyezeramo matenda ya cipatala ca Boma.

Nyumba yoyezeramo matendayo tisaipeputse, pakuti nzeru yonse yagona pamenepo. Malaya munthu akhoza kuwagula pa foni, koma sangajambulitse cifuwa cake pa foni. Wodzayezetsa afika ndi womperekeza; podikira amwa tiyi, pobwerera adzera pa msika. Kale masitolo ndiwo anali kukoka anthu, ndipo zina zonse zinali kutsata pambuyo. Akulu a Stockton anatembenuza: adze anthu cifukwa ca cipatala, masewero ndi mtsinje, masitolo adye za anthu amenewo. Ndi maganizo omwewo anakonzanso nyumba ya masewero ya Globe, yomangidwa m'caka ca 1935, imene inakhala yotseka zaka zoposa makumi awiri, naitsegulanso mu 2021.

Otsutsa analipo, ndipo mau ao ngofunika kuwamva. Kukonza Globe kunadya ndalama zoposa £25 miliyoni, kuposa kutali-tali mtengo umene unachulidwa poyamba, ndipo amene alipira ndi anthu a msonkho a m'tauni yosalemera. Munda wa maluwa supereka lendi kapena msonkho. M'malo mwake ufuna wocheca udzu ndi mlonda caka ndi caka. Kumpoto kwa England dzinja ndi lalitali, lozizira ndi lamdima, ndipo nkhalamba imene inali kuthawira mphepo m'makonde ofunda a Castlegate siingakhale pa benchi ya m'mbali mwa mtsinje mu Januwale. Enanso anakumbutsa kuti akulu a m'ma 1970 naonso anagwetsa nyumba ali otsimikiza mtima kuti alikumanga za m'tsogolo. Mau otsirizawa ngolasa, ndipo palibe wa khonsolo angawayankhe ndi pakamwa. Adzayankha ndi zaka.

Komabe pa mlandu umenewu ine ndiima ndi khonsolo. Cinyumba ca masitolo opanda anthu naco cidya ndalama: cifuna denga, magetsi ndi alonda, ndipo tsiku ndi tsiku ciuza wodutsa ali yense kuti tauni ino yatha. Kusiyana kwa akulu a lero ndi a m'ma 1970 nkwakuti aja anamanga cinthu ca nchito imodzi yokha, ndipo nchitoyo itatha cinasanduka cipolopolo; pamene bwalo lapululu likhoza kukhala msika Loweruka, malo a nyimbo madzulo, ndipo ngati adzukulu adzafuna kumangapo, sadzayamba ndi kugumula. Tizindikirenso kuti ndalama za Boma zinagwira nchito ku Stockton cifukwa zinapeza anthu atagula kale malo ndi kupangana cocita. Kumene zinafika anthu asanapangane, zambiri zinagona m'mabuku kufikira mitengo itakwera.

Mtolo uja wa nkhuni, msonkho wa nyumba za malonda, Boma linaubweza pamutu pa eni masitolo pang'ono-pang'ono. Cikhululukiro ca msonkho wonse citatha mu Juni 2021, anakhululukidwa magawo 66 pa 100 kufikira Marichi 2022, kenaka theka kwa caka cimodzi, kenaka magawo 75 kwa zaka ziwiri. Mu Epulo 2025 cikhululukiroco cinatsika kufika pa magawo 40, kotero kuti wamalonda wamng'ono amene anasamukira ku Wellington Square, ngati anali kulipira £2,500 caka capitaco, anapeza kalata yomuuza kulipira pafupi £6,000, pa sitolo yomweyo ndi ogula omwewo.